Chaka Chimene Dimba Langa Lidagona

Malemu amuna anga ankadula nkhuni za sitima za mu Shire, ndipo adaona zambiri. Tsiku lina adandichenjeza kuti, "Iwe, a ku boma akadzakuitana, usadzataye nthawi ndi amene akukukalipira. Udzayang'anitsitse amene akukupatsa madzi akumwa." Ndidaseka, chifukwa ndinkaona ngati boma ndi nkhani ya amuna. Iwowa ndi amenenso adandiphunzitsa zilembo pamchenga, n'chifukwa chake ndikulemba izi ndi dzanja langa, popanda wondilembera amene angathiremo zake.

Sinditchula dzina la munthu. Ena akadali moyo, ndipo ena ana awo ndiwo amesenjala a masiku ano. Ngakhale boma limene adanditsekerako sindilitchula.

Adabwera Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Febuluwale, chaka cha 1915. Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Makhanga, ndipo madzi adali atazinga mudzi, kotero adabwera pa bwato: asilikali awiri ndi mesenjala mmodzi. Adandipeza ndikumeta mdzukulu wanga wamkazi. Mesenjala adaodira bwinobwino, ngati mlendo wodzapempha moto.

"Mai, bwana akufuna akuoneni."

"Andione ndadwala?"

"Mukamfunse yekha. Tengani nsalu yofunda."

"Ndimalize mutu wa mwanayu."

"Aumaliza amake," adatero msilikali wina, ndipo adandilanda lumo.

Adalowa m'nyumba natenga buku langa la mapemphero ndi sileti ya amuna anga. Mwana wanga wamkazi, mayi wa mdzukuluyo, adaima pakhomo ali ndi khanda kumsana. Ndidamuyang'ana kamodzi kokha, ndipo adamva kuti asalankhule. Ndili m'bwato ndidacheuka: kamtsikana kaja kadaima pagombe, mutu wometa mbali imodzi.

Ndifotokoze chifukwa chake. Tidalipo anthu khumi ndi awiri amene tinkapemphera patokha m'nyumba mwanga, osapita ku mishoni. Mwa iwo mudali mwana wangayo ndi mwamuna wake. Masabata amenewo kumtunda kudali kutachitika chipolowe, azungu ena ataphedwa, ndipo boma linkatola aliyense wopemphera popanda mzungu womuyang'anira. Amuna amene ankagwidwa ankakwapulidwa ndi kumangidwa unyolo. Ena sadabwerenso. Ife za chipolowecho tidangozimva kwa opalasa mabwato, koma zimenezo sadatifunse.

Tidayenda tsiku limodzi pamadzi, lina pamtunda. Adanditsekera m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba yosungira katundu. Amene amadziwa kutentha kwa kuno m'mwezi umenewo safunika kumuuza zambiri. Masana malata ankalira okha. Akazi ena ankalowa ndi kutuluka, koma ine ndidakhala.

Lachisanu adanditengera ku ofesi. Mzungu adali wamng'ono, wa msinkhu wa mwana wanga, khosi lake lili psuu ndi zidzolo. Pambali pake padaima womasulira, munthu wa kumtunda, wovala jekete yoyera, wodziwa Chingerezi, Chimang'anja ndi Chisena chomwe. Adandiika pamkeka, nanditungira madzi m'chikho ndi manja awiri.

"Imwani, amayi, njira ndi yaitali."

Ndidamwa, ndipo ndidamuyang'anitsitsa.

Adawerenga papepala kuti Lamulungu lina ndidauza anthu kuti, "Dziko lino ndi lobwereka, lidzatha, musaliope." Adali mawu anga enieni, osasintha ngakhale limodzi. Ndidawanena m'nyumba mwanga, chitseko chotseka, kwa anthu khumi ndi mmodzi amene ndinkadya nawo mbale imodzi. Pamkeka pomwepo ndidadziwa kuti wina wa iwo adawanyamula mawuwo kuwatulutsa kunja. Kaya adawagulitsa, kaya adangowataya pamadzi pochapa, sindikudziwa mpaka lero. Amene adakanena ku boma ankadziwa mawu anga ndi nyumba yanga, koma mayina a enawo boma lidalibe. Mayinawo ndiwo amene a boma ankafuna.

Koma adayamba ndi liwu. Mzungu adalankhula nthawi yaitali, kenaka womasulira adati, "Amayi, bwana akuti liwu lanu lija, dziko, m'Chingerezi amati wolodi. Tsono wolodi ndi nyumba ya zipinda zambiri. Akufuna adziwe chipinda chimene inu mudalowa."

Patebulo padali mpira wopakidwa mitundu, wobayidwa ndi chitsulo. Mzungu adauzunguza ndi chala.

"Choyamba, wolodi ndi uyu: nthaka yonse, nyanja zonse. Kodi ndi ameneyu mudati adzatha?"

"Mpira umenewo ndikuuona lero. Ife tili pati?"

Mzungu adaloza ndi nsonga ya pensulo kamalo kochepa ngati njere ya mchewere.

"Nanga Shire ali kuti?"

"Sadamujambule, amayi."

"Ndiye limenelo si langa."

Msilikali wa pakhomo adaseka, mzungu namuyang'ana, iye n'kukhosomola.

Womasulira adapitiriza, akutsegula buku lalikulu la mawu. Adati wolodi ndi anthunso onse amoyo, ngati pamene azungu amati wolodi yense wamva nkhani. Adati ndi nyengo ino imene tilimo, yosiyana ndi ikudzayo. Adati aku mishoni akamati wolodi amanena mowa, magule ndi zokhumba za thupi. Adatchulanso mawu ena a Chingerezi amene amayenda ndi liwulo ngati ana a mimba imodzi, lina lonena dothi, lina lonena zonse pamodzi ndi nyenyezi. Ndidawaiwala. Kenaka adatseka buku, nati, "Komanso pali dziko limene lili ndi mwini wake, ndi mbendera, ndi asilikali. Bwana akufunsa ngati ndi limeneli mudati anthu asaliope."

Asadamalize adatsitsa mawu, nalowa m'Chisena kuti mzungu asatole kanthu: "Mama, longani kuti mataka basi." Ndiye kuti ndinene kuti ndinkanena za dothi chabe.

Mwina ankandifunira zabwino. Koma ndidaona kuti ndikasankha chipinda chimodzi, andifunsa amene adali nane m'chipindamo. Ndidati, "Ine ndidati dziko. Mpeni woligawira uli ndi inu, ligaweni nokha."

Mzungu adalemba. Kenaka adafunsa mayina.

Adandifunsa tsiku limenelo, Lolemba lotsatira, ndi Lolemba linanso. Ndinkayankha kuti ndine nkhalamba, maso anga saona bwino m'nyumba. Womasulira adandiuza kuti lamulo silinkalola kukwapula akazi, ndipo m'buku lawo simudalembedwe kuti ndidakwapulidwa. Ndidagona chafufumimba masiku asanu ndi anayi.

Nditadzuka adandipatsa ntchito yosinja mapira a akaidi ndi kutunga madzi kuchitsime. Msilikali wamkulu, wa mphini kumaso, ankandiitana kuti Dziko. "Dziko, bwera udzatenge mtsuko." "Dziko, sunathebe?" Ndinkamuyankha kuti, "Ndikudikira inu muyambe." Ankaseka mpaka kugwira pamimba. Sadali munthu woipa kuposa anzake. Dzanja lake ndidalidziwa, ndipo nthabwala zake ndidazidziwanso.

Posinja ndinkaganiza za zipinda za womasulira zija. Ndidaona kuti azungu adachita kulemera nalo liwulo, koma ifenso si amphawi. Timati dziko lapansi, timati kunja kuno, timati pansi pano, timati dziko laipa pamene mvula yakana, timati mwini dziko. Koma ndikatseka maso n'kunena liwulo pandekha, sindinkaona mpira, sindinkaona mbendera. Ndinkaona dimba langa.

M'mwezi wa Malichi mafunso adaleka. Sadandiitanenso ku ofesi. M'malo mwake womasulira adayamba kubwera kumtondo masana, atanyamula fodya wofwenkha m'kabotolo. Ankakhala pachitsa n'kumacheza.

"Ife kumtunda timalima kamodzi pachaka. Ndimamva kuti kuno mumakolola kawiri. Zimatheka bwanji, amayi?"

Apa ndi pamene ndidalakwa, ndipo ndikulemba kuti adzukulu anga adziwe kuti agogo awo adapirira chikoti koma adagwa ndi fodya. Munthu wa kuno mukamfunsa za dimba, pakamwa pake pamatseguka pokha. Ndidamuuza kuti madzi akayamba kuphwa timawatsata pambuyo, phazi ndi phazi. Ndidamuuza kuti sitipanga mizere ngati kwawo, timakumba maenje mpaka dzanja litalowa kufika m'chigongono n'kukhudza matope ozizira, ndipo m'menemo ndimo timaponya chimanga, nyemba ndi maungu. Ndidati ukachedwa masabata ochepa chabe, pamwamba pauma gwa, chinyezi chathawira pansi, chaka chapita. Ndidati dimba langa lidali la amayi anga, iwonso adalilandira kwa amayi awo, ndipo dimba likagona chaka osabzalidwa, anthu ena amakalipempha kwa amfumu, ndipo amfumu sakana, pakuti matope sadikira munthu.

"Lili pati lanulo?"

"Kuyambira pa mtengo wa mgwalangwa wopsa ndi mphezi mpaka pa khwawa."

"Ndiye chaka chino akubzalirani ndani? Mwana wanu aphika mowa wa dima?"

Kwathu munthu akafuna anzake amuthandize kulima, amaphika mowa, anthu n'kubwera ndi makasu. Ndiyo dima. Popanda mowa, ngakhale mlongo wako amamva msana.

"Ife mowa tidaleka," ndidatero.

"Ndiye amabwera opanda mowa?"

"Athu amabwera."

Mawuwo atangotuluka ndidawamva ngati wanena ndi wina. Womasulira adatseka kabotolo kake bwinobwino, nati dzuwa latentha, ndipo adapita.

Masiku atatu ndidadzinamiza kuti adali macheza chabe. Tsiku lachinayi ndili kuchitsime, msilikali wa mphini uja ankauza mnzake, osasamala kuti ndili pomwepo, "Nkhalambayi asiyeni. Madzi akaphwa, mayina akadzilemba okha ndi makasu."

Ndidatula mtsuko pansi kuti usagwe. Zidali zoona. Mudzi wonse wa Makhanga ukadaona dimba la mkaidi likubzalidwa popanda mtsuko ngakhale umodzi wa mowa, ndipo aliyense wogwira khasu m'menemo akadakhala kuti wadzitchula yekha. Ndinkawadziwa anthu anga. Akadabwera onse, akuimba, mkamwini wanga ali patsogolo. Mesenjala akadangokhala m'bango n'kumawerenga.

Ndidalibe womutuma. Akazi amene ankatuluka m'kachipinda kaja sindinkawadziwa mitima. Ndidadikira, ndikuyang'ana chithaphwi cha kuseri kwa ndende chikuchepa tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkadziwa kuti kwathunso madzi akutsika chimodzimodzi.

Mwana wanga adabwera Loweruka loyamba la Epulo, atasenza ufa, khanda kumsana. Adamulola kundiona, zimene adali atamukaniza kawiri, ndipo ndidadziwa chifukwa chake. Adatikhazika pakhonde la ofesi. Womasulira adakhala pampando pafupi, akusongola pensulo. Msilikali wa mphini uja adaima kumbuyo kwathu.

"Amayi, mwaonda."

"Ndidali wonenepa liti? Mwana akuyamwa?"

"Akuyamwa. Wamkulu uja tsitsi lidamera, koma akukana kuti wina amumete, akuti adikira ambuyake." Adaseka pang'ono, kenaka adandiyandikira. "Za dimba musade nkhawa. Madzi afika pa mgwalangwa. Abale akonzeka, akuti Lachitatu likudzali..."

Pensulo idaleka kusongoledwa.

Ndikadati musabzale, womasulira akadadziwa kuti ndazindikira, ndipo akadamugwira mwana wanga pomwepo kuti atchule abalewo. Ndiponso anthu anga sakadamvera. Akadati agogo akuchita manyazi, tiyeni tikawathandize. Padafunika chinthu choti makasu awo agwe okha m'manja. Ndidali nditachiganiza masiku ambiri, ndipo ndidachipeza chimodzi chokha.

Ndidakweza mawu kuti pabwalo ponse pamveke.

"Abale ake ati? Ndani wakuuzani kuti mukhudze dimba langa? Dimba limenelo ndidalitsirika! Ndidaoloka ndekha kupita kwa sing'anga wa kutsidya kwa Apwitikizi, ndidakwirira nyanga m'ngodya zonse zinayi. Aliyense wolowetsamo khasu ine kulibe, miyendo idzatupa, adzafa akukwawa. Ngakhale iweyo!"

Mwana wanga adandiyang'ana ngati ndamuthira madzi otentha.

"Amayi, mukuti chiyani? Inu amene mudatitayitsa zithumwa mu Shire? Inu amene mudadula mkuzi wa mwana wanga ndi dzanja lanu?"

"Zanu ndidataya. Zanga ndidasunga. Ukufuna ndidye mapemphero?"

"Amayi, nenani kuti mukunama."

"Pita ukawauze. Ndipo ufawo siya apo."

Sadalire pamaso panga. Adamanga bwino mwana kumsana, nagwada pang'ono monga mwa ulemu, ndipo adanyamuka. Ndidamuyang'ana mpaka adakhota pa mtengo wa bwemba. Sadacheuke.

Msilikali adaomba m'manja. "Ha! Dziko, kani ndiwe mfiti ngati azakhali anga! Nanga tinkavutikiranji?" Womasulira sadaseke. Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adalowa mu ofesi.

Ndinkadziwa zimene zikachitike kumudzi. Ena mwa anthu anga akaopa nyanga, ngakhale pakamwa ankati saopa. Amene sakaopa akanyansidwa nane, n'kunena kuti dimba la munthu wa mitima iwiri salithandiza. Mantha akagwira ena, mkwiyo ukagwira otsalawo. Ndidawaphunzitsa ndine, ndinkadziwa pamene aliyense amathyokera.

Komabe sindidagone bwino mpaka mwezi udatha. Ndinkaopa mkamwini wanga, munthu wamakani, kuti angapite yekha kukaonetsa kuti Mulungu aposa nyanga. M'mawa uliwonse ndinkayang'ana kuchipata kuti ndione ngati akubwera naye womangidwa.

Pakati pa mwezi wa Meyi mesenjala uja adabwerera, nkhope yotupa ndi udzudzu. Adali atakhala m'bango pafupi ndi dimba langa masabata asanu. Msilikali wa mphini adandiitana ndili pamtondo.

"Dziko! Wamva? Dimba lako chaka chino labereka mesenjala mmodzi, wonenepa ndi udzudzu. Ukakolole!"

Ndidapitiriza kusinja. Munsi udandilemera, ndipo ndidaona kuti mapira anyowa pang'ono. Palibe adagwidwa. Tsiku limenelo ndi pamene ndidadziwa kuti anthu khumi ndi mmodzi apulumuka, ndi kuti onse akhulupirira kuti ndine wonyenga.

Adandisungabe mpaka nthaka itaumiratu, kuti mwina wina angasinthe maganizo. Adanditulutsa Lachinayi, m'mwezi wa Ogasiti. Mzungu adali wina, wachikulire, ndipo sadandiyang'ane n'komwe. Womasulira adati, "Bwana akuti m'buku mwalembedwa kuti ndinu nkhalamba yachikunja imene idasokoneza mawu a ku mishoni. Akuti muzipita, ndipo musadzasonkhanitsenso anthu." Sileti adandibwezera. Buku adati lidasowa.

Adandiperekeza mpaka pachipata, ndipo pamenepo adafunsa motsitsa, "Amayi, nyangazo zilipodi?"

"Khasu ndikubwerekeni? Mukalime muone."

Adamwetulira, nati, "Muyende bwino." Sindikudziwa ngati adazindikira. Ngati adazindikira, sadanene, ndipo chimenecho ndimamuwerengera. Koma fodya wake sindidzaiwala.

Ndidafika ku Makhanga wapansi, madzi atauma. Ndidayamba kudzera kudimba. Kuyambira pa mgwalangwa mpaka pa khwawa lidali bango ndi udzu wofika m'khosi, pamene m'madimba a anzanga mbali zonse chimanga chidali chitamasula. Chaka chimenecho tidadya nyika, timizu takuda tija timene timazula m'dambo, madzi ali m'chiuno, maso ali kwa ng'ona. Chaka chotsatira amfumu adapereka dimbalo kwa banja lina lothawa kwa Apwitikizi, chifukwa a m'mudzi onse ankaliopa. Amfumuwo adabwera okha kudzandiuza, akupepesa, ndipo sindidawatsutse. Alendowo adayamba aitana sing'anga wawo kuti azule nyanga. Adakumba ngodya zonse zinayi, ndipo ndidamva kuti adazipezadi ziwiri. Asing'anga sabwerera chimanjamanja.

Anthu anga adasamutsira mapemphero kunyumba ina. Tikakumana panjira ankapatuka. Mkamwini wanga adaletsa ana kudya kwanga. Mwana wanga ankabwera, kunditungira madzi, kundisesera pakhomo, kundifunsa ngati ndadzuka bwino, koma maso ake ankakhala pa tsache.

Mudzafunsa kuti bwanji sindidawauze zoona. Ndikadauza ndani? Mawu anga oyamba adatuluka m'nyumba yotseka n'kukafika patebulo la mzungu osatayika ngakhale limodzi. Awanso akadayenda njira yomweyo, ndipo boma likadadziwa kuti nkhalamba yachikunja ija idawapusitsa, ndi kuti anthu aja alipodi. Nkhondo ya azungu idali ikadali mkati, amuna ankatengedwa kukasenza katundu. Mwana wanga ndinkamukhulupirira, koma ankagona ndi mwamuna, ndipo mwamunayo adali ndi abale ake. Ndidati ndidikire nkhondo ithe, ndidzamuuza tili awiri.

Nkhondo idatha kumapeto kwa 1918. Chimfine chachikulu chidafika masabata omwewo. Mwana wanga adadwala Lolemba, ine ndili kudambo, ndipo pofika Lachitatu sankamvanso. Ndidamuuzabe. Ndidamuuza zonse, kukhutu, kawiri.

Maliro atatha ndidatenga adzukulu anga awiri n'kusamukira kuno kwa Ndamera, kumene kudali msuweni wanga. Ndidapempha kachigawo m'mphepete mwa dambo, kumene ena adakukana chifukwa cha mvuu. Ndidadula bango ndekha, ndili ndi imvi. Tsopano ndakolola m'menemo kasanu ndi kawiri. Si dimba la amayi anga, koma mdzukulu wanga wamkazi akadzalifuna, adzanena kuti lidali la ambuyake.

Anthu amandifunsa kuti tsiku lotuluka m'ndende ndidamva bwanji. Ndimati ndidamva ludzu. Chipata adanditsegulira m'mwezi wa Ogasiti, inde, koma ndidatuluka nditasenza bodza langa, ndipo ndakhala nalo zaka khumi ndi chimodzi, ndikulidyetsa ngati mbuzi ya eni ake. Ufulu umene ndikuudziwa ine si wa pachipata. Ndi uwu wa lero, woti ndakhala pakhonde langa masana, pensulo m'manja, ndikulemba kuti m'dimba lija mudalibe nyanga. Mudalibe kanthu. Mudali matope a amayi anga basi. Kwa sing'anga sindidapiteko, ndipo Mulungu wanga sindidamusiye ngakhale tsiku limodzi. Adamva zimene ndidakuwa pakhonde paja, ndipo nkhani imeneyo tidzakamba awiri.

Womasulira adandiwerengera zipinda zambiri za liwu lawo lija, koma padalibe chipinda cha anthu khumi ndi mmodzi amene ukhoza kuwagula ndi dimba ndi dzina lako. Mwa iwo mudali amene adandipereka. Nayenso adapulumuka, ndipo sindidandaula. Sindikadatha kumusiya kunja popanda kutsegulira onse. Atandibwezera pakhonde paja lero, ndikhoza kukuwanso mawu omwewo, mwina mokweza kuposa pamenepo.

Mwa khumi ndi mmodziwo atsala anayi. Kope ili ndilipereka kwa mdzukulu wanga wamkazi, amene adakwatiwa ku Chikwawa, kuti akaliwerenge kwa iwo ndi kwa ana a amene adapita. Mlongo wake, khanda lija, akutumikira anthu ogwira ntchito ku njanji, amabwera mwa apo ndi apo. Ine ndimakhala ndekha.

Tsono inu amene mwamva izi, mukamadutsa kwa Ndamera, patukani mudzandizonde. Nyumba ndi yomaliza kuloza kudambo, ya chitseko cha bango. Muodire muli patali, munene kuti ndinu mwana wa yani, ndipo mubwere masana kuti ndikuoneni nkhope. Chakudya musatenge, sindidya chimene sindidaone pophika. Mafunso musachulutse. Ndikapanda kuyankha, mukayang'ane kudimba. Mukapanda kundipeza kumenekonso, kankhani chitseko.